Chitsulo Chochokera ku Kitwe

Maganga, Salima
14 Ogasiti 1967

Okondedwa achimwene a Binwell,

Choyamba ndifunse moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Kitwe. Ife kuno tilipo, kungoti atate chifuwa sichikuwasiya. Alamu anu, amuna anga a Lenard, akadali kuchilumba cha Mbenji kopha utaka chipitire mu Epulo, ndipo atumiza uthenga kawiri kokha. Inunso chilembereni pa Isitala muli zii. Kodi mgodiwo unakumezani?

Musadandaule, ulendo uno sindikupempha ndalama. Ndikupempha chitsulo.

Mukuikumbukira ngalande ija yotenga madzi kudambo la kumtunda, kumene Linthipe amasefukira, n'kutsikira nawo kuminda yathu ya kumunsi? Ija atate anakumba nawo pa thangata akadali mnyamata, nthawi ya mzungu wa thonje. Chichokereni mzunguyo inangodzala matope ndi bango, ndipo chitseko chake cha pakamwa chinatsika n'kukanirira pansi. Zaka zitatu tsopano mpunga wathu kumunsi ukuuma usanatulutse ngala, pamene kumtunda madzi akukhala mpaka Okutobala, achule n'kumaimba.

Atate ndi Che Abdulkarim, aja a pafupi ndi mzikiti, anamema mabanja makumi awiri ndi atatu, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe. Kuyambira Juni tikumakumba Lachiwiri ndi Loweruka. Pansi pa matope tapeza njerwa zakale zili bwinobwino, mizere yake yosasokonekera. Atate amayenda patsogolo ndi ndodo, akuloza kuti apa panali mlatho wa thabwa, apa kapitawo anathyola munthu nthiti, apa ngalande imakhota. Sakuiwala kanthu. Tatsala ndi gawo laling'ono kuti tifike kuminda.

Vuto ndi chitseko. Chiwongolero chake chilipo, koma chitsulo chachitali cha mazinga, chimene chimakweza chitsekocho ukapotokola, chinadyeka ndi dzimbiri ndipo chinathyoka anyamata atangoyesa. Osula makasu a kuno akanika. Atate akuti mwana wawo amadyera zitsulo, ndiye musawachititse manyazi. Muenvulopumu muli ulusi uwiri: wautaliwo ndi kutalika kwa chitsulocho, waufupiwo ndi kunenepa kwake. Mazinga ake atate awadinda papepala ndi mwaye.

Si onse akukondwa. A Fletcher, mnzanu wa kusukulu uja, tsopano ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndipo dambo la kumtunda analitenga theka. Chitseko chikatseguka madzi awo achepa. Iwo satero ayi. Pamsonkhano ananena kuti ngalandeyo ndi ya atsamunda, inakumbidwa ndi chikoti, ndipo wofukula za atsamunda ndiye kuti ufulu sakuufuna. Atate anaimirira n'kuvula malaya pamaso pa anthu onse, akazi ndi ana omwe, nati:

"Chikoticho chinagwa pamsana apa, osati panu. Ngati pali munthu woti aikwirire ngalandeyi, ndine. Ndipo ine ndikuti ikumbidwe."

Anthu anaseka, a Fletcher sanaseke.

Yankhani msanga, mvula isanatipeze.

Ndine mlongo wanu,
Dorica


Kitwe, Zambia
10 Sepitembala 1967

Wokondedwa chemwali Dorica,

Kalata yako ndalandira ndipo ndasangalala kumva kuti muli bwino. Ife tili bwino, alamu ako akupereka moni, ana akukula ngati maungu. Kusalemba kwanga si mwano, ndi mashifiti. Munthu umatuluka m'shopu ya zitsulo maso ali psuu, cholembera n'kumalemera ngati hamala.

Ulusi wa atate ndinauonetsa anzanga kuntchito ndipo anaseka mpaka misozi, amvekere kodi ku Nyasalande mumayezera zitsulo ngati mukusoka diresi? Koma titauyeza pa rula tinapeza kuti mkuluyo sanaphonye ngakhale pang'ono. Mazinga ake ndi achikale, masiku ano sapanganso otere, koma foromani wandilola kugwiritsa makina Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Ndapeza shafiti yakale ya pampu, chitsulo chenicheni choti zidzukulu zako zidzachisiya chilipo. Kuseri kwa pepalali ndajambula mmene chidzaonekere ndi mmene mudzachilowetsere. Uwaonetse atate.

Kunena zoona, poyamba ndinkati mukungodzivutitsa. Kuno madzi amayenda m'mipopi, amakankhidwa ndi magetsi, ndipo ndinaganiza zokulembera kuti dikirani boma lidzakubweretsereni injini. Koma ndinakumbukira kuti injini imafuna dizilo ndi makaniko, pamene ngalande ya atate imangofuna kutsetsereka kwa nthaka ndi makasu. Ndiye kumbani.

Za Fletcher zandiseketsa. Yemwe uja ankakodza pamphasa kugonero la ku mishoni, lero akuphunzitsa atate za ufulu? Umuuze kuti Binwell akadalipo, ndipo dzanja lija linamugwetsa kuseri kwa kalasi lakula ndi zitsulo. Kuno tilipo ambiri a kwathu, timakumana Loweruka lililonse, ndipo nkhani yake ndawauza onse.

Chitsulocho ndidzapatsira a Saidi, dalaivala wa lole amene amadzera ku Chipata mpaka ku Salima. Undiuze kumene akachisiye. Undilemberenso za chifuwa cha atate, kodi akutsokomola magazi?

Ndine mlongo wako,
Binwell


Maganga, Salima
8 Okutobala 1967

Achimwene,

Moni nonse. Ndikulemba mofulumira, ndipo kalatayi ndapatsira wogula nsomba wina kuti akaiponye ku Lilongwe, osati kuno.

Kalata yanu inafika envulopu itamatidwanso ndi phala la chinangwa. Mukudziwa kuti makalata athu onse amafikira pagolosale ya mlamu wake wa a Fletcher. Wina anaiwerenga ife tisanaiwerenge, za pamphasa zija ndi zonse. Achimwene, kuno si ku Kitwe. Chichitikireni nkhondo ya zigawenga ija, kalata yochokera ku Zambia anthu amaigwira ngati khala la moto. Inu mukalemba kuti a kwathu mumakumana Loweruka, mukunena za mowa ndi mpira, koma kuno akumva zina.

Loweruka lapitali tikukumba, a Fletcher anabwera ndi anyamata khumi onyamula nsungwi ndi tcheni cha njinga. Anati aliyense aonetse khadi la chipani. Makadi tili nawo tonse, koma ndani angalowe nalo m'matope ofika m'chiuno? Tinapempha kuti tikatenge kunyumba, anakana. Amuna anawagoneka chafufumimba m'ngalandemo n'kumawaponda pakhosi kuti nkhope ilowe m'matope. Akazi anatiuza kuti tigubuduke kuchokera pachitseko mpaka pamkuyu, wochedwa nsungwi pamsana. Salimu, mwana wamkulu wa Che Abdulkarim, bambo wa ana atatu, anangofunsa kuti talakwanji. Anamumenya ndi tcheni pakamwa, mano anayi anatsalira m'matope, ndipo mkazi wake anawatola n'kuwamanga pansonga ya nsalu osadziwa chochita nawo.

Atate sanawakhudze. Anangowaimika pamtunda kuti aonerere. Ndikuganiza kuti zimenezo zinawapweteka kuposa ndodo, chifukwa tsiku lonse sanalawe kanthu. Koma Lachiwiri anadzuka, natenga khasu, khadi atalisokerera kuchipewa. Tinabwera mabanja asanu ndi anayi okha. Takumbabe, ndipo ngalande yafika kuminda.

Tsono mverani. Chitsulocho musatumize pano. Dikirani ndikaonane kaye ndi a Elliot, mlangizi wa zaulimi wa ku boma, kuti atilembere pepala lachidindo, ndipo a Saidi adzachisiye kuofesi kwawo. Pagolosale ayi, chonde. Ndiponso mukamalemba musatchule dzina la munthu uja.

Magazi atate sakutsokomola.

Mlongo wanu,
Dorica


Kitwe, Zambia
5 Novembala 1967

Dorica,

Moni. Ndikhulupirira muli moyo, ngakhale kuti sindingadziwe, poti miyezi iwiri yatha osamva kanthu kuchokera kwa iwe.

Malamlungu asanu ndi limodzi ndaima pamakina, anzanga akupumula, chala china ndatsala pang'ono kuchisiya pomwepo. Ndinakufunsa funso limodzi lokha, kuti a Saidi akasiye kuti katunduyu, koma iwe zii. Kodi pepala linatha ku Salima? Kapena mumandikumbuka pokhapokha pakakhala chosowa, mukaona kuti chatheka basi mwaiwala? Alamu ako akuti ndisapse mtima, mwina kwagwa matenda. Ngati ndi choncho bwanji osanena?

Sindingadikirenso. A Saidi anyamuka Lachisanu, ndipo akapita ulendo uno sabweranso mpaka chaka chamawa. Ndawauza kuti akasiye pagolosale pofikira makalata paja. Ndachikulunga m'chiguduli n'kumanga ndi waya, aliyense asamasule mpaka tsiku lochigwiritsa ntchito, chingachite dzimbiri. Ndi cholemera, apite amuna awiri odalirika.

Mukachiika pamalo pake, Fletcher ndi anthu ake adzadziwa kuti nthawi yawo yatha. Chitsulo chimenechi chithetsa mwano wake kamodzi n'kamodzi. Zina zotsalira, mabawuti ndi mafuta, ndidzabwera nazo ndekha pa Khirisimasi.

Binwell


Maganga, Salima
3 Disembala 1967

Kwa a Binwell, mwana wa mnzanga Mose,

Salamu zanga zikufikeni inu ndi a m'nyumba mwanu. Ndine Abdulkarim. Ndikulemba m'malo mwa mlongo wanu chifukwa dzanja lake lamanja lili mupulasitala. Wandiuza kuti ndisabise kanthu, ndiye khalani pansi.

Atate anu anatisiya Lachinayi pa 23 Novembala, kuchipatala ku Salima. Tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera.

Katundu wanu anafika pagolosale Loweruka pa 18, pamodzi ndi kalata yanu. Ife sitinauzidwe. Lolemba m'mawa anyamata anayenda khomo ndi khomo kuti aliyense apite pachitseko cha ngalande. Titafika tinapeza a Fletcher ataima pakhoma la njerwa, chiguduli chili pamapazi awo, makalata anu awiri ali m'manja, yoyamba ija atailanda kwa atate anu m'mawa womwewo. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono. Anawerenga zoti mumakumana Loweruka, zoti apite amuna awiri odalirika, zoti aliyense asamasule mpaka tsiku lake, zoti nthawi yawo yatha, zoti zotsalira mudzabwera nazo nokha. Kenaka anakweza chojambula chanu chija n'kufunsa anthu kuti chinthu chachitali chotere, chochokera ku Zambia, n'chiyani. Wina kumbuyo anati mfuti. Mawuwo anayenda m'khamu lonse.

Mose anapempha kuti amasule chiguduli. Anamasula, chitsulo chili waliwali ndi mafuta. A Fletcher anati umenewo ndi mpope chabe, zina zikubwera. Apo mnzanga anayankha, ndipo mawu ake ndawasunga monga anawanenera:

"Chiikeni pachitsekopo. Chikalira ngati mfuti, mundiphe. Chikatulutsa madzi, mumwe."

Sanachiike. Anamusenzetsa chitsulocho paphewa, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, nati ayende nacho m'mbali mwa ngalande mpaka akawaonetse kumene anabisa zinzake. Dzuwa linali paliwombo. Akagwa ankamudzutsa ndi nsungwi. Anafika naye kuminda, nabwerera naye, nayambanso. Ulendo wachitatu anagwera m'ngalande chitsulo chili pachifuwa, ndipo anyamata awiri analumphira momwemo n'kumamuponda. Dorica anadzigwetsa pamwamba pa atate ake. Wina anatenga mpini wa khasu, ndipo kuthyoka kwa mkonowo ndinakumva ndili kutali.

Ine anali atandimangirira kumgwalangwa, akundimenya kumapazi. Ndiyenera kukuuzani ichi, pakuti Mulungu anachiona. Atandifunsa ngati makalata anu ndinkawadziwa, ndinati sindikuwadziwa, ndipo za chitsulo ndi za Mose yekha. Mose anali ataniwerengera kalata yanu yoyamba pakhonde panga, tikuseka limodzi za ulusi. Ndinakana mnzanga wa zaka makumi anayi kuti ndodo ileke. Inaleka. Enanso amene tinkakumba nawo anaima chete, maso pansi. Sindikuwaweruza.

Masana omwewo anapita kunyumba ya atate anu kukasasula denga kufuna mfuti. Atapanda kupeza anaitentha, ndi nkhokwe yomwe.

Apolisi anafika madzulo, natenga chitsulo ndi ovulala kupita nawo ku boma. Mawa lake mkulu wawo anaitana a Elliot, mlangizi uja, amene atangochiona anati ichi n'chokwezera chitseko cha madzi, chilipo chinzake kusikimu ina ya ulimi wothirira. Nkhani ya mfuti inathera pomwepo. Koma Mose anali akusanza magazi, nthiti zitalowa m'kati. Anakhala masiku atatu. Mawu ake omaliza kwa ine anali ofunsa ngati ulusi unakwana, ngati simunafupikitse. Ndinati sindikudziwa, sitinayese. Anakwiya nane pang'ono, ngati kale.

Tinamuika Loweruka. A mpingo wake anaimba nyimbo zawo, ife a kumzikiti tinakumba manda. Palibe amene wamangidwa. Akuti anyamata anangolakwitsa chifukwa chokonda dziko.

Dorica akukhala kwathu. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ku Mbenji atseka usodzi sabata yamawa, asodzi onse abwerera, ndipo a Lenard sanamve kalikonse.

Pepani, mwanangu. Tikukuchitirani duwa, kukupemphererani kwa Mulungu.

Abdulkarim


Kitwe, Zambia
7 Januwale 1968

Dorica, mlongo wanga,

Makalata awiri andipeza tsiku limodzi: ya Che Abdulkarim, ndi yako ya mu Okutobala. Yakoyo chidindo chake ndi cha ku Lilongwe, 20 Disembala. Wogula nsomba uja anayenda nayo m'thumba miyezi iwiri ndi theka.

Ndinayamba kuwerenga yako, yondiuza kuti ndisatumize, ndisatchule dzina. Kenaka ndinatsegula inayo. Alamu ako anandipeza nditakhala pansi pakhomo la shopu, anthu akundilambalala.

Pa Khirisimasi sindinabwere chifukwa ndinali nditakwiya nawe. Ndinkati poti sayamika, akhale. Nthawi imeneyo atate anali atagona m'manda mwezi wathunthu, ndipo anawapha ndi mawu anga, owerengedwa mokweza. Chitsulo chimene chinawaswa chifuwa ndinachisula ndi manja angawa, ndikuimba nyimbo. Sindikudziwa ngati ungathe kundiyang'ananso.

Ndapempha tchuthi. Ndinyamuka kumapeto kwa Febuluwale. Ndikufuna kuona manda, ndipo ndikufuna kuonana ndi munthu uja maso ndi maso. Usandiletse. Undiuze za mkono wako, ndi za alamu a Lenard. Uwauze Che Abdulkarim kuti palibe chimene ndingawakhululukire, chifukwa wolakwa wamkulu ndine.

Binwell


Maganga, Salima
11 Febuluwale 1968

Achimwene,

Moni. Pepani ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja pulasitala anachotsa koma linapola mokhota, zala ziwiri sizikupinda.

Musabwere. A Elliot andinong'oneza kuti dzina lanu lili papepala kumalire. Mukangotsika basi simudzaona manda, ndipo ine ndidzakhala ndi amuna atatu owalira m'malo mwa awiri. Zimene mukufuna kudzachitazo zinachitika kale, ndipo tamverani mmene zinathera.

A Lenard anakocheza pa 9 Disembala m'mawa. Anamva nkhaniyi ali pagombe, kwa amayi oyanika usipa. Sanatsitse ngakhale katundu m'bwato. Anabwera kudzandiona kwa Che Abdulkarim, nayang'ana mkono wanga, napita kukaima paphulusa la nyumba ya atate. Kenaka anatola nkhafi yawo yopalasira bwato. Ndinawagwira malaya ndi dzanja limodzi, anandichotsa mofatsa ngati akuchotsa mwana. Asodzi anzawo asanu ndi mmodzi anawatsatira, aliyense nkhafi paphewa.

Anawapeza a Fletcher kunazale yawo ya mpunga, ali ndi anyamata anayi. Ine ndinafika zitayamba kale. Anyamata atatu anathawa, mmodzi anakhapa a Lenard ndi chikwanje n'kuwadula khutu, koma anamugwetsa ndi nkhafi m'mutu ndipo mpaka lero samva bwino. A Fletcher anathamangira m'madzi, matope n'kuwagwira miyendo. A Lenard anawakokera pamtunda, nawagoneka pamzere, n'kuwaphwanya maondo onse awiri ndi m'mphepete mwa nkhafi, limodzi kenaka linzake, osafulumira. Kulira kwake kunamveka mpaka kumzikiti. Ndinkaganiza kuti ndikadzaona zimenezo mtima wanga udzatsika. Sunatsike.

Alamu anu sanathawe. Anapita kunyanja kukasamba magazi, nakhala pabwato lawo mpaka galimoto ya apolisi inabwera. Anatengedwa onse asanu ndi awiri. Ena akuti ali kundende ku Dowa, ena akuti ku Zomba. Ndayenda ku boma kanayi, amangondiuza kuti ndipite kunyumba.

Chitsulo chanu a Elliot anachibweretsa panjinga mu Januwale, ndi pepala lachidindo. Sabata yathunthu chinagona pakhonde, anthu akuopa ngakhale kuchiyang'ana. Kenaka tinachinyamula ine, Che Abdulkarim, Salimu ndi amayi anayi, n'kukachilowetsa monga munajambulira. Chinakwana, achimwene. Simunafupikitse. Chiwongolero ndinachichotsa n'kukachisunga kumene ndimagona, kudikira kuti mvula ikhazikike.

Sabata yatha Linthipe anasefukira kuposa zaka zonse. Madzi anadzaza dambo la kumtunda, ndipo poti chitseko chinali chotseka analibe kopita, anayamba kulowa m'nyumba za kumeneko. Lachitatu masana kunabwera a Benedicta, akazi a Fletcher, amene tinkaimba nawo kwaya. Anagwada m'matope pabwalo, mvula ikuwagwa, nati madzi afika m'maondo ndipo amuna awo sangathe kuyenda, chonde ndikatsegule.

Ndinawauza kuti dzanja likupweteka, abwere mawa.

Sindikubisirani, ndinachita dala. Ndinakhala pakhomo tsiku lonse ndikuyang'ana mvula. Nkhokwe zawo ziwiri zinagwa, mbuzi zinapita, khoma la nyumba linagumuka ndipo a Fletcher anawatulutsa atawagoneka pachitseko cha nyumba ngati maliro. Koma madzi sasankha. Anagwetsanso nyumba zisanu za anthu amene sanatilakwire, ndipo mayi wina wakhungu anamupeza atakakamira nsanamira, madzi ali m'khosi. Che Abdulkarim anabwera kudzandiuza zimenezi, osandidzudzula, n'kungoima pakhomo mpaka ndinadzuka.

Lachinayi kutacha tinapita. Titaika chiwongolero ndinayesa kupotokola ndi dzanja limodzi, chinakana. Amuna anali kutali akuchotsa zinyalala zimene zinatseka pakamwa. Amene anali pafupi ndi a Benedicta. Anagwira mbali ina, ine mbali ina, osayang'anana. Chinalira kamodzi, kenaka chinayamba kuyenda mofewa, chitseko n'kumakwera. Madzi analowa m'ngalande ofiira, akukankha bango ndi zitsotso, ndipo anthu a kumunsi anathamanga nawo m'mbali mpaka kuminda. Pofika madzulo kumtunda nyumba zinali zitayamba kuoneka maziko.

A Benedicta anati zikomo. Ine ndinatenga chiwongolero n'kubwerera nacho kumene ndimagona.

Za kukuyang'anani musadandaule. Munalemba mopusa, inenso ndinapatsira kalata munthu wolakwika, a Lenard anachita zawo, ine ndinachita zanga Lachitatu lija. Koma amene anaponda atate akudziwika, ndipo si inu.

Mukafuna kulemba, lemberani kwa mphwake wa Che Abdulkarim ku Nkhotakota, keyala ili pansipa. Iye azibweretsa pamanja.

Dorica


Maganga, Salima
26 Meyi 1968

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Kalata yanu yodzera ku Nkhotakota inafika yosatsegulidwa. Mwachita bwino kumvera. Nsalu mwatumizayo ndalandira.

Mwafunsa za a Lenard. Asodzi awiri anatulutsidwa mu Epulo, owonda ngati bango, ndipo safuna kulankhula. Mmodzi anangondiuza kuti anawasiya ali moyo, bala la khutu linapola. Ndikugwira mawu amenewo. Bwato lawo ndalikokera pamthunzi kuti lisang'ambike.

Mvula inasiya msanga mu Malichi, monga zaka zina zija, koma ulendo uno mpunga wa kumunsi sunaume. Tinagawana masiku: atatu madzi atsike, anayi akhale kumtunda. Mabanja amene anathawa kukumba abwerera onse, ndipo awonjezekera ena. Loweruka lililonse timachotsa matope. Palibe amene amatchula za Novembala, koma akamadutsa pamalo pamene atate anagwera amasiya kucheza.

Lachinayi lapitali kunali mwambo wotsegulira ngalande. Kunabwera alendo a ku boma pagalimoto ziwiri. A Fletcher akadali tcheyamani. Anawanyamula pampando mpaka pachitseko, naimirira ndi ndodo ziwiri, n'kunena kuti nthambi yawo ndiyo inaona kuti ngalande yakaleyi ingathandize chitukuko, ndipo inamema anthu kuti aikumbe. Dzina la atate silinatchulidwe. Amayi tonse tinauzidwa kuvala nsalu ya chipani ndi kuvina. Ndinavina, achimwene. Ndinaimba ndi kuwomba m'manja ndi dzanja langa lokhotali, pamtunda pomwe paja.

Atatha kulankhula anati kuyambira tsopano chiwongolero chizisungidwa kunyumba kwa tcheyamani, ndipo anatuma anyamata awiri kuti adzachitenge kwa ine. Mmodzi anali yemwe uja anandithyola mkono ndi mpini. Ndinachikhalira. Sindinakonzekere, miyendo inangochita yokha. Mkazi wa Salimu anadzakhala pambali panga, kenaka amayi ena, a kumunsi ndi a kumtunda, mpaka anyamata aja anasowa popondapo. Mayi wake wa wampiniyo analinso pomwepo, akumuyang'ana mwana wake. Amene analankhula ndi a Benedicta, ali chikhalire pakati pathu, nkhope atalozetsa kwa alendo osati kwa amuna awo:

"Chikhale kwa amene amadzuka m'mawa kukachipotokola."

Mlendo wamkulu, amene sankadziwa chilichonse, anaseka nati amayi a kuno ndi olimbikira, zikhale choncho, nayamba kuwomba m'manja. A Fletcher nawonso anawomba, ndodo zili m'khwapa.

Sindikudziwa kuti zimenezi tidzazilipira liti. Anthu otere saiwala. Koma lero chiwongolero chili kuno, ndipo mawa ndi tsiku la madzi a kumunsi.

Tayamba kumweta. Ndimagwira chikwakwa ndi lamanzere, pang'onopang'ono, ndipo ana a Che Abdulkarim amandimangira mitolo. Ndikumanganso nyumba pamalo pa ya atate, zipupa zafika m'chiuno.

Muzilemba, musatope. Koma musatchule dzina la munthu, wamoyo kapena wakufa. Muzingofunsa kuti madzi akuyenda bwanji, ine ndizimva zonse zimene mukufunsa, ndipo ndiziyankha.

Ndine mlongo wanu,
Dorica